Mmene mungakaonere mathithi a Kapichira ndi kuyenda m'tchire la kuchigwa osakomoka ndi dzuwa

Anzanga a ku Blantyre komanso ena a konkuno ku Chikwawa akhala akundifunsa kuti kodi munthu akafuna kukaona mathithi a Kapichira amayambira pati, nanga mu nkhalango yosungira nyama ya Majete, mmene muli mathithiwo, amalola kuyenda wapansi? Nde ndati bola ndingolemba kamodzi mmene ine ndimachitira, kuyambira tsiku loti mwaganiza zopita mpaka kubwerera pakhomo. Chimene chimandiwawa n'choti anthu ambiri obadwira konkuno, a pa Dyeratu, a ku Nchalo, a ku Ngabu, dzina la Kapichira amangolimvera pa wailesi akati makina a magetsi aonongeka, koma madziwo akugwa pamiyala sanawaonepo ndi maso awo, pomwe wina amakwera ndege kuchokera kutali kudzaona zomwezo. Tiziyenda abale anga. Kungoti kuyenda kwa kuno n'kosiyana ndi kwa ku Mulanje kapena ku Zomba kumene umakwera phiri juzi ili m'chikwama. Kuno bwana ndi dzuwa, wachiwiri wake ndi Shire, ndipo pulani yonse ya ulendo muipange mukuyang'ana awiri amenewa.

Yambani ndi kusankha mwezi

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsira, amangoti tapeza holide tiyeni. Chigwa chathuchi n'chotsika kwambiri, malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali ku Nsanje pamene Shire amatulukira kulowa mu Mozambique, mamita 37 okha kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pomwe Blantyre ali pamwamba mamita opitirira 1,000. N'chifukwa chake ukamatsika zitunda za pa msewu wa M1 makutu amatseka kenako mphepo yolowa pa windo imasintha, imakhala ngati wina watsegula uvuni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, mchenga umaotcha phazi olo uli mu nsapato.

Miyezi yabwino yoyenda wapansi ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. M'mawa kumakhala kozizirira, udzu wayamba kuuma nde umaona patali, misewu yauma, udzudzu wachepako. Sepitembala ndi wabwinonso makamaka ngati cholinga ndi kuona nyama chifukwa madzi m'tchire amakhala atachepa ndiye nyama zimasonkhana kumtsinje ndi m'zitsime, koma kuyenda kwake kukhale kwa m'mamawa basi. Mathithi enieniwo amakhala ndi ukali mvula ikangotha kumene, cha mu Epulo ndi Meyi, pamenepo phokoso mumalimva musanafike. Ine ndikafunsidwa mwezi umodzi wokha ndimati Juni.

Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndikupempheni, siyani kaye. Mitsinje ya kuno ngati Mwanza imatha kukhala mchenga wokhawokha m'mawa, masana n'kudzaza chifukwa cha mvula imene yagwa kumapiri inu osaiona n'komwe. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Ana anachita mu Januwale 2022, anagumula damu la pa Kapichira pomwepo dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, tinakhala mu mdima miyezi yambirimbiri, ndiye Freddy anabweranso mu Malichi 2023. Madzi otha kugumula damu sangachite manyazi ndi munthu woima pamwala akujambula.

Kenako imbani foni musananyamuke

Malo abwino oonera mathithi a Kapichira ali mkati mwa nkhalango ya Majete, osati patali ndi geti lalikulu. Majete kuyambira 2003 akuyendetsedwa ndi a African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo ndi malo okula pafupifupi masikweya kilomita 700. Pamene ankayamba nyama zinali zitatha ndi opha mozemba, koma anabwezeretsa zipembere mu 2003, njovu kuyambira 2006, mikango mu 2012, kadyansonga mu 2018, mimbulu mu 2021. Ndatchula zimenezi dala kuti mumvetse kuti mmenemo simungangolowa n'kuyamba kuyenda nokha ngati mukupita ku dimba. Ulendo wapansi umayenda ndi ranger, amene ife tinazolowera kuwatchula kuti a gemu, ndipo amanyamula mfuti.

Nde imbani ku ofesi yawo kudakali masiku angapo. Funsani zinthu izi: mtengo wolowera pa geti panopa, mtengo wa ulendo wapansi, ngati ulendo wokwera phiri la Majete ukuchitika mwezi umenewo, nthawi yotsegula ndi kutseka geti, komanso ngati muli ndi ana funsani msinkhu umene amalola pa ulendo wapansi chifukwa ana ang'onoang'ono satengedwa kumene kuli njati ndi njovu. Mitengo imasintha ndi mmene kwacha ikuyendera nde musadalire zimene anakuuzani mnzanu amene anapita chaka chatha. Mmalawi amalipira zochepa kusiyana ndi mlendo wakunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale kunyumba, aliyense chake.

Funsaninso za galimoto. Kabaza kapena njinga yamoto idzakusiyani pa geti, mkati mwa nyama simuyenda njinga. Ngati mulibe galimoto yanu konzani zokwera yawo, ndipo mukakhala gulu la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi n'kusonkherana zimapepuka kwambiri. Magulu a kutchalitchi, a banki m'khonde, aphunzitsi a pa sukulu imodzi, mukhoza ndithu.

Za mayendedwe

Ochokera ku Blantyre mutsika ndi M1, mudutsa pa rodibuloko ya pa Thabwa, muwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, mukafika pa Dyeratu mukhotera kumanja kulowera ku boma la Chikwawa. Kuchoka pa boma kukafika ku geti la Majete ndi makilomita pafupifupi 20, ulendo wonse kuchokera mu tauni ndi cha m'ma 70. Ochokera ku Nsanje, Bangula, Ngabu ndi Nchalo mukwera minibasi yolowera ku Blantyre n'kutsika pa Dyeratu pomwepo. Oyendetsa okha, mabuleki muwaone dzulo lake, ndipo potsika zitundazo gwiritsani giya yaing'ono osamangoponda buleki njira yonse, makhota ake ndi oopsa ndipo malole olemera amadutsa momwemo.

Malangizo anga enieni ndi oti mugone kufupi. Mukanyamuka mu tauni 7 koloko n'kufika 9, nthawi yabwino yoyenda yatha kale. Gonani pa boma kapena pa Dyeratu pali malo ogona otsika mtengo, apo ayi mu Majete momwemo muli malo omangapo matenti kufupi ndi geti, ndipo amene thumba likulola kuli loji ya Thawale. Mukagwirizana ndi wa njinga yamoto kuti akutengeni m'bandakucha, mtengo mumalizirane madzulo, tengani nambala yake, mugwirizanenso nthawi yodzakutengani pobwerera chifukwa pa geti sipakhala poimapo ma kabaza ngati pa msika.

Pa njirayi muli kanthu kena kamene ambiri amangokadutsa. Kufupi ndi Majete kuli manda a Richard Thornton, mnyamata wa ku England wodziwa za miyala amene anali pa ulendo wa David Livingstone. Anamwalira mu 1863 ali ndi zaka 25 zokha, atadwala kamwazi ndi malungo atangobwera kumene ulendo wapansi wa ku Tete kumene anakasaka mbuzi ndi nkhosa zoti anzake adye. Funsani anthu a m'mudzi akulozerani. Ine ndikaima pamenepo ndimaganiza kuti munthuyu anali wamphamvu, wachinyamata, koma kuyenda m'dziko lotenthali kunamufoola mpaka matenda anamupeza alibe mphamvu.

Zonyamula, ndipo apa ndichedwapo pa nkhani ya madzi

Munthu mmodzi malita 4, ukakhala mwezi wotentha 5. Osati botolo limodzi la theka la lita loti muzipatsirana anthu atatu ayi. Tengani mabotolo a malita awiriawiri, awiri mwa iwo muwaike mu firiji usiku aume gwa, muwakulunge ndi chitenje kapena thaulo, pofika 10 koloko amakhala asungunuka koma akuzizirabe. Amene mulibe firiji kulungani botolo ndi kasaka konyowa ngati mmene amachitira amalume athu popita kumunda wa thonje, zimagwira ntchito. Kamwedwe kake n'kofunikanso, musadikire ludzu, imwani pang'onopang'ono mphindi 20 zilizonse. Ndipo yambani kumwa madzi ambiri dzulo lake. Mowa usiku woti mawa mukuyenda ayi ndithu, olo uchema wake utakoma bwanji, mudzamwa pobwera.

Thukuta limachotsa mchere m'thupi, nde madzi okha sakwanira. Gulani mapaketi a Thanzi ORS awiri kapena atatu. Akasowa pangani nokha, lita imodzi ya madzi aukhondo, masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Thobwa ndi wabwinonso, amapatsa mphamvu, bola mumwe m'mawa asanasase ndi kutentha. Madzi a bwemba kapena a malambe nawonso amatsitsimula kukhosi.

Chakudya chikhale chosaonongeka msanga, mbatata yootcha, chinangwa chophika, mtedza wokazinga, nthochi, mazira owiritsa, buledi. Mpunga wa nyama woikidwa mu kontena 5 koloko m'mawa pofika masana umakhala wayamba kale fungo, ndaonapo anthu akutsegula m'mimba pa ulendo chifukwa cha zimenezi.

Zovala: buluku lalitali lopepuka, malaya a manja aatali, mtundu wa khaki, wobiriwira kapena wotuwa. Zoyera mbee ndi zofiira nyama zimakuonerani patali, pomwe zakuda ndi za buluu zimaitana kashembe ndipo kuluma kwake kumapweteka. Chipewa cha khonde lalikulu chimaposa kapusi chifukwa chimaphimba khosi ndi makutu. Nsapato zotseka zokhala ndi mapazi olimba, zimene munavalapo kale, zatsopano zimatulutsa matuza musanayende ola limodzi. Ma silipasi ndi ma sandasi asiyeni, minga ya kuno imaboola. Pa kaunjika mukhoza kupeza jombo zabwino pa mtengo wabwino, muvale ndi sokosi zokhuthala. Onjezani tochi, pawa banki, bandeji, pulasitala, panado, mafuta othamangitsa udzudzu, ka jumbo kotayamo zinyalala zanu, ndi ndalama ya m'manja chifukwa netiweki imaduka malo ena nde za pa foni zikhoza kukukanikani. Mukagona kunja neti isatsale. Ndipo pakhale munthu mmodzi kunyumba wodziwa kumene mwapita ndi nthawi imene mukuyenera kubwera.

Tsiku lenilenilo: yambani ndi kuyenda, mathithi pambuyo

Geti likangotsegulidwa mukhale muli pomwepo. Ndondomeko imene ine ndimaikonda ndi yoti ulendo wapansi uyambe kaye dzuwa lisanakwere, pofika 9 kapena hafu pasiti 9 mukhale mwamaliza, kenako mathithi. Kukwera phiri la Majete kumafuna maola angapo kupita ndi kubwera, sikuti ndi lalitali ngati Mulanje ayi koma kutentha kumalitalikitsa, nde amene simunazolowere yambani ndi ulendo waufupi wa m'tchire, phirilo mudzabwerere ulendo wina. Pamwamba pake mumaona chigwa chonse chitayalidwa, Shire akunyezimira, mapiri a ku Thyolo kutsidya.

A gemu asanayambe amakuuzani malamulo, mvetserani ngati muli m'kalasi. Mumayenda mu mzere umodzi, iwo patsogolo. Foni muitseke kulira, nyimbo pa sipika ayi, kucheza kukhale konong'ona. Akakweza dzanja imani pomwepo. Lamulo lalikulu kuposa onse, musathawe. Olo mtima utagunda bwanji, njovu itatambasula makutu, musathamange pokhapokha iwo atanena chochita, chifukwa chilombo chimathamangitsa chimene chikuthawa ndipo palibe munthu angapose njati liwiro. Wofooka pa gulu ayende kutsogolo pafupi ndi a gemu, liwiro la gulu likhale lake.

Ndipo afunseni mafunso, anthu amenewa amadziwa zambiri ndipo ambiri ndi ana a m'midzi yozungulira yomweyi. Adzakuonetsani kusiyana kwa phazi la fisi ndi la mkango, la fisi zikhadabo zimaoneka pa mchenga pomwe la mkango ayi. Adzakuuzani kuti ndowe za njovu izi ndi za usiku wathawu kapena za dzana, mlambe umene njovu zakungunula khungwa pofuna madzi a mkati, mitengo ya tsanya imene masamba ake amapindika masana nde mthunzi wake sukhala wodalirika. Munthu ukamayenda wapansi umamva fungo la tchire, umamva nkhwali ikudzidzimuka, nswala zikufwenthera kukuchenjezana, zimene uli m'galimoto sungazimve. Ine kumeneko ndi kumene ndimapitira. Pomaliza muwathokoze ndi kangachepe, ayenda nanu padzuwa atasenza mfuti yolemera.

Yang'anani pamene mukuponda. Mphiri sithawa, imangogona phee pa njira ndipo mtundu wake umafanana ndi masamba ouma. Osapisa dzanja m'mphako kapena pansi pa mwala. Wina akalumidwa ndi njoka musatemere, musayamwe, musamange chingwe mothinitsa, mugoneke asamayendeyende, chiwalocho chisagwedezeke, muvuleni mphete kapena chibangili, n'kuthamangira naye kuchipatala cha boma pa Chikwawa. Chitedze nachonso chidziweni maonekedwe ake, makoko a ubweya wofiirira olendewera pa ziyangoyango, mukachikhudza ulendo wonse watha ndi kukanda.

Pa mathithi

Musayembekezere madzi ogwa kuchokera pamwamba patali ngati mzere umodzi woyera. Kapichira ndi mtsinje wonse wa Shire ukudzipanikiza pakati pa matanthwe akuda, kugawikana, kugwa masitepesitepe, thovu lokhalokha, n'kukakumananso kumunsi kumene umayamba kuyenda mofatsa kulowera ku Chikwawa. Awa ndi omaliza pa mndandanda wa mathithi a pakati pa Shire, kumtunda kuli Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula. Pamenepa ndi pamene sitima ya Livingstone yotchedwa Ma Robert inalephera kupitirira mu 1859, iye n'kuwatcha mathithi onsewa dzina la Murchison, koma eni dziko a Chimang'anja anali nawo kale maina awo ndipo ndi amene tikutchula lero. Ena mwa Amakololo amene anabwera naye anatsala konkuno n'kukhala mafumu, ndi kumene kunachokera maufumu ngati a Kasisi, Katunga ndi Maseya. Nde mukaima pamenepo mwaima pa mbiri ya kwathu.

Kumtunda pang'ono kuli damu, ndipo chapafupi pomwepo pali nyumba ya magetsi ya EGENCO, gawo loyamba linayamba kugwira ntchito mu 2000 lachiwiri linadzamalizidwa patapita zaka zoposa khumi, ndipo ngalande yaikulu ya ulimi wothirira m'chigwa muno inakonzedwa kuti izitenganso madzi pomwepo. Zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri kwa inu. Choyamba madzi ena amapatutsidwa kupita ku makina nde nthawi ya chilimwe mathithi amachepa mphamvu, musakhumudwe. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chofunika kwambiri, madzi a kumunsi kwa damu akhoza kukwera mwadzidzidzi akatsegula zitseko, mwala umene unali pouma n'kumira. Choncho imani pamalo pamene akuonetsani, osadumphira pa miyala ya pakati pofuna chithunzi chabwino. Miyala yonyowa ili ndi ndere, imaterera ngati sopo, ndipo ukagwera m'madzi amenewo palibe angakutsatire.

Kusamba ayi. Kusukusula kumaso m'mphepete ayi. Kutunga madzi ayi. Ndikudziwa kuti thupi limakhala likuyaka ndipo madziwo amakuitana, koma ife a kuchigwa tikudziwa maliro angati amene ng'ona yabweretsa m'midzi mwathu, amayi otsuka mbale, ana omwetsa ng'ombe, asodzi odziwa mtsinje kuposa inu. Ng'ona imakonda pamadzi odekha kumunsi kwa mathithi ndipo simuiona mpaka itatuluka. Khalani mamita angapo kuchoka pamene madzi alekezera. Mukaona kanjira kosalala kochokera m'madzi kulowa m'tchire, ka mizere iwiri, ndi ka mvuu, musaime pakati pa mvuu ndi madzi ake. M'madzi osayenda a m'mbali mulinso likodzo.

Mukatero khalani pansi pamthunzi, foni muibweze m'thumba kwa kanthawi. Mverani phokosolo, yang'anani nkhwazi ikamalira itapenyetsa mutu kumwamba, akakowa ataima pamiyala. Ambiri amafika, kujambula mphindi zisanu, n'kumati tiyeni. Mwayenda mtunda wonsewo, khalani olo ola lathunthu.

Masana musalimbane nalo

Kuyambira 11 koloko mpaka cha m'ma 3 ndi nthawi yokhala pamthunzi, kudya, kugona pang'ono. Nyama zomwe zimatero. Tsiku lina tinapita anthu anayi mu Okutobala kukayenda m'mapiri a kunja kwa mpanda wa Majete, tinanyamuka mochedwa, mnzathu wina wamphamvu ndithu wosewera mpira anayamba kudandaula mutu, kenako anasiya kuyankhula, tikumufunsa akuyankha zosagwirizana. Tinamugoneka pansi pa mtengo wa bwemba, kumumasula malaya, kumuthira madzi thupi lonse n'kumamukupiza ndi chitenje, ORS pang'onopang'ono, mpaka anatsitsimuka koma tinachita mantha kwambiri ndipo tinakathera kuchipatala. Kuyambira tsiku limenelo sindinyengerera munthu pa nkhani ya nthawi yonyamukira.

Zizindikiro zake zidziweni: mutu, chizungulire, nseru, minofu kukokana, mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Zikayamba izi imani, mthunzi, ORS, ulendo wathera pomwepo olo pamwamba pa phiri patatsala pang'ono. Koma munthu akayamba kusokonezeka mutu, kuyenda modzandira, thupi kutentha kwambiri kapena kukomoka, imeneyo ndi ngozi yoti akhoza kufa, muziziritseni ndi madzi pompo uku mukusaka galimoto, ndipo wokomoka musamumwetse kanthu angatsamwe. Zipatala zoti muzidziwe ndi cha boma pa Chikwawa, Montfort ku Nchalo, cha pa Ngabu, cha boma ku Nsanje, ndi Trinity ku Muona kwa amene muli ku East Bank.

Mukafuna kuyenda kunja kwa mpanda, m'midzi ndi m'mapiri

Palibe tchire lopanda mwini. Mukafika pamudzi yambani mwaonekera kwa a nyakwawa, odi, kupereka moni mwaulemu, kunena kumene mwachokera ndi chimene mwadzera, n'kupempha mnyamata wodziwa njira akuperekezeni, ndipo mugwirizane naye za kangachepe musananyamuke. Iye ndi amene akudziwa kuti kamsitu ako ndi manda, uko ndi ku dambwe, chigwembe ichi chili ndi njuchi, dooko ili ng'ona inagwirapo mbuzi sabata yatha. Kumunsi kwa chigwa kumene kuli Asena ambiri, kungonena kuti takhuta pothokoza nkhope zimamasuka. Musajambule munthu osapempha, makamaka amayi pa mjigo ndi ana. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, amenewo ndi malo opatulika a Amang'anja okhala ndi malamulo ake, simulowa ngati mukupita kokaona mathithi, mumayamba mwapempha kwa akuluakulu osunga malowo ndipo akakana mwakanidwa. Moto musayatse m'tchire nthawi ya chilimwe, ndudu yomwe, udzu wa kuno ukagwira moto ndi mphepo ya masana simungauzimitse.

Ngati muli ndi tsiku lachiwiri

Malo osungira nyama a Lengwe ali pafupi ndi Nchalo, mumadutsa m'minda ya nzimbe pokafika pa geti. Kumeneko dilu yake ndi kukhala chete m'tinyumba tobisalamo toyang'ana pa zitsime, m'mamawa, n'kudikira. Boo, nyama yokongola ya mizere yoyera ija, kwawo kwenikweni kumpoto kumathera kuno kuchigwa, ndipo Lengwe anatetezedwa makamaka chifukwa cha iyo. Njati zilimonso zambiri nde malamulo ndi omwe aja.

Okonda kuyenda wapansi kwenikweni pitani ku Mwabvi, kulowera cha ku Bangula. Ndi imodzi mwa nkhalango zing'onozing'ono zosungira nyama m'Malawi, masikweya kilomita 135, alendo amapitako ochepa kwambiri, koma matanthwe ake a mchenga ndi chigwembe chimene mtsinje wa Mwabvi unaboola pakati pa miyala ndi zinthu zoti ukaziona umadabwa kuti zili konkuno. Kumafunika galimoto yokwera, chakudya ndi madzi anuanu, ndi wa gemu wokuperekezani. M'chigwembemo musalowe kukachita mitambo kumapiri.

Dambo lalikulu la Elephant Marsh ndi la bwato, kuno ena amati mwadiya. Livingstone analemba kuti anaonamo njovu pafupifupi 800, lero mulibe, mwatsala mbalame zosawerengeka, mvuu, ng'ona ndi asodzi, ndipo mu 2017 linalowa pa mndandanda wa madambo otetezedwa pa dziko lonse wa Ramsar. Pitani m'mawa mphepo isanayambe, sankhani wopalasa wachikulire wodziwa kumene mvuu zimagona, musadzaze bwato, musaimirire, dzanja lisalowe m'madzi. Mukatsika gulani nsomba za makakana kwa asodzi pa dooko pomwepo akuotchereni.

Pobwerera

Tulukani pa geti nthawi isanakwane, ndipo amene mukukwera kubwerera ku Blantyre yesetsani kuti zitunda zija muzikwere kusanade. Zinyalala zanu zonse zituluke nanu, mabotolo, majumbo, zikutu za masiwiti, nyani akameza pulasitiki amafa. Musatenge kanthu m'nkhalango, olo nyanga yogwa yokha kapena nthenga za nungu, pa geti zikapezeka ndi mlandu. Ngati ndi nyengo yake gulani masau ndi malambe kwa amayi a m'mbali mwa msewu, ndalama ya ulendo wanu itsaleko m'midzi imene mwadutsamo.

Mukafika kunyumba vulani zonse mudzifufuze nkhupakupa, m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo, mukaipeza muizule ndi mutu womwe. Nsapato muzikutumule musanazivalenso mawa lake ngati munagona mu tenti, zinkhanira zimakonda kubisala mmenemo. Ndiye muwerenge masiku, pakatha sabata imodzi kapena awiri mukamva kutentha thupi, mutu kapena kuphwanya, musangomwa panado n'kumati ndi kutopa kwa ulendo, pitani mukayezetse malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kuti munali kuchigwa.